Kudulitsa chitsulo pa laser ku Chinika: kodi mmisiri wa ku Kalingalinga angapindule nako?

Makina odula chitsulo motsogozedwa ndi kompyuta, amene amisiri amangowatchula kuti CNC, salinso a makampani akuluakulu okha. Mu Lusaka tsopano muli malo angapo komwe wowotcherera mageti m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata ku Kalingalinga, kapena wokonza zigayo ku Kanyama, angapite ndi fayilo m'foni n'kubwerako ndi zidutswa makumi asanu zofanana ndendende. Ndemanga iyi ndi ya malo amodzi otere, wekishopu ya kumafakitale a ku Chinika, cha kumsewu wa Mumbwa. Dzina lake talisiya, pakuti zabwino ndi zofooka zimene tikambe pano mudzazipezanso kwa anzawo ochita ntchito yomweyi.

Tinene msanga chigamulo chathu. Kadulidwe kawo n'kabwino kwambiri, kapindidwe n'kapakatikati, ndipo pamene akupunduka ndi pa kalandiridwe ka kasitomala wamng'ono. Makinawo sasankha munthu, koma njira yofikira pa makinawo inakonzedwera kampani imene ili ndi wojambula wake wa pakompyuta komanso oda yodzaza lole. Mmisiri wa kukomboni angadutse njira imeneyi n'kupindula ndithu, bola afike atadziwa zimene a pakauntala sangamuuze.

Ali ndi makina atatu amene amatikhudza. Oyamba ndi fibre laser ya 3 kW, yodula ndi moto wa kuwala kotentha kwambiri, ya tebulo la mamilimita 3000 mlitali ndi 1500 mlifupi. Achiwiri ndi tebulo la plasma, lodula ndi moto wa magetsi ndi mpweya, la mapuleti okhuthala. Achitatu ndi makina opindira mashiti, aja amati press brake, a mamita atatu. Machubu sadula, choncho mafelemu a geti ndi mawindo mudzapitiriza kudula nokha ndi girayinda kapena sowo.

Laser ya mphamvu imeneyi imafika pa mamilimita pafupifupi 20 pa chitsulo wamba, koma pamene imadula mosalala ndi kuyambira 1 mpaka 12. Pa shiti ya mamilimita 2 imathamanga mamita opitirira 10 pa mphindi, pomwe pa puleti ya mamilimita 10 imatsika kufika pa mita imodzi ndi kanthu. Mpata umene imadya podula ndi wochepa, mamilimita 0.1 mpaka 0.3 pa mashiti opyapyala, ndipo muyeso supatuka kupitirira 0.2. Zimenezi zikutanthauza kuti bowo limene mwajambula la mamilimita 13 likhala la 13, bawuti ya M12 ilowa osagogoda, ndipo mapuleti khumi mukawasanjikiza mabowo onse ayang'anana. Amene anaboolapo mapuleti a thanki ya madzi ndi dirilo yapamanja, imodziimodzi, akudziwa kuti apa m'pamene tsiku lonse limathera.

Plasma ndi nkhani ina. Imadya mamilimita 1.5 mpaka 3, m'mphepete mumatuluka mopendekeka pang'ono, ndipo bowo limakhala lalikulu kumwamba, laling'ono kunsi. Bowo lochepera kukhuthala kwa puleti kamodzi ndi theka silituluka lozungulira bwino. Pa mapuleti a mamilimita 16 kapena 20 amene mukawotchererabe, zimenezi zilibe vuto ndipo plasma ndi yotsika mtengo. Chodandaulitsa n'chakuti laser ikakhala ndi mzere wautali, a pawekishopu amasamutsira ntchito zina za mamilimita 8 kapena 10 ku plasma osafunsa mwini wake. Lembetsani pa koteshoni kuti ntchito yanu ndi ya laser. Akakana kulemba, dziwani kuti mabowo mukawongola ndi tupa.

Nkhani ya mpweya

Laser sidula yokha. Pa nozulo, kakamwa ka kunsonga kwa mutu wodulira, pamatuluka mpweya umene umakankhira kunsi chitsulo chosungunuka, ndipo mpweyawo ungakhale okosijeni, nayitrojeni kapena mpweya wamba wa pa kompuresa. Apa m'pamene makasitomala ambiri amapwetekera, chifukwa kusiyana kwake sikuoneka tsiku lotenga katundu.

Okosijeni ndi amene amagwiritsa ntchito pa chitsulo wamba chokhuthala. Amathandiza kuyaka, ndiye makina amadula puleti yaikulu ndi mphamvu yochepa. Koma amasiya m'mphepete khungu lopyapyala, lotuwa mokhala ngati labuluu, limene silinagwirane ndi chitsulocho. Mukapaka penti kapena kukachititsa powder coating (penti ya ufa youmitsa mu uvuni) osalichotsa, penti imamatirira pa khungulo, ndipo ikadzayamba mvula mu Novembala khungu limasendeka pamodzi ndi penti, dzimbiri n'kuyamba m'mphepete mwa duwa lililonse la geti. Kasitomala adzanena kuti munagula penti yotchipa, pomwe vuto linachokera pa makina. Mankhwala ake ndi kupala m'mphepete monse ndi burashi ya waya kapena sandipepa ya pa girayinda musanapake penti yoyamba. Pa geti ya maluwa ambirimbiri ntchito imeneyi ndi yotopetsa zedi, choncho pa mashiti a mamilimita 3 kutsika pansi pemphani kuti adule ndi mpweya wamba kapena nayitrojeni. Nayitrojeni amasiya m'mphepete moyera, ndipo pa chitsulo chosachita dzimbiri cha stainless cha m'makhitchini ndi mabutchala palibenso kuchitira mwina, koma amatha msanga chifukwa amatuluka pa mphamvu yaikulu, ya bar 10 mpaka 20, ndiye mtengo umakwera. Mpweya wamba uli pakati: m'mphepete mumada pang'ono koma penti imagwira.

Wekishopu iyi ili ndi mipweya yonse itatu, ndipo woyendetsa makina amadziwa bwino kusiyana kwake. A pakauntala safunsa. Funso limodzi lokha loti "katunduyu mukampaka penti?" likanapulumutsa anthu ambiri, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti safunsa.

Chojambula ndiye mwini nkhani

Makinawa amawerenga fayilo ya DXF, yomwe ndi chojambula cha mizere cha pakompyuta. Chithunzi cha geti chimene kasitomala wakutumizirani pa WhatsApp si fayilo yodulira, ngakhale chioneke bwino chotani. Wina ayenera kuchijambulanso mzere ndi mzere. Pa wekishopuyi pali wojambula mmodzi, amalipiritsa padera, ndipo ntchito zing'onozing'ono amazichita akapeza mpata. Akathamanga amangolowetsa chithunzicho mu pulogalamu yotsata mizere yokha, ndipo chotuluka chimakhala cha mizere yonjenjemera, yokhala ndi timfundo zikwizikwi. Makina amaima pang'ono pa kamfundo kalikonse, m'mphepete mumatuluka ngati mano a sowo, nthawi imatalika ndipo bilu imakula.

N'chifukwa chake tikulimbikitsa kuti fayilo muzibwera nayo. Mapulogalamu a LibreCAD, FreeCAD ndi Inkscape ndi aulere, ndipo amayenda pa laputopu yakale. Kujambula puleti ya makona anayi ndi mabowo ake munthu amaphunzira m'masabata ochepa. Kwa amene alibe nthawi, sukulu ya uinjiniya ya yunivesite ya UNZA ili pafupi ndi Kalingalinga pomwepo, ndipo ophunzira odziwa kujambula pakompyuta amene angakondwe ndi ganyu si osowa. Chofunika n'chakuti fayiloyo ikhale yanu, muisunge m'foni ndi pa imelo. Mukajambulitsa pa wekishopu, gwirizanani poyamba kuti akupatsani DXF yake, chifukwa mukapanda kutero mudzakakamizika kubwerera komweko nthawi zonse ngakhale mtengo utakwera.

Zolakwika za m'mafayilo ndi zomwezomwezo, ndipo chilichonse chili ndi mtengo wake. Choyamba ndi muyeso. Fayilo yojambulidwa mu mainchesi ikatsegulidwa ngati ya mamilimita, chinthu chimachepa maulendo 25.4. Zimenezo zimaoneka msanga. Choopsa ndi fayilo yochokera ku Inkscape kapena CorelDRAW imene yapatuka pang'ono chabe, chifukwa diso silizindikira. Lembani muyeso umodzi wodziwika pa pepala limene mukupereka, monga utali wonse, ndipo woyendetsa makina auyeze pa kompyuta yake inu muli pomwepo.

Chachiwiri ndi mizere iwiri yogonana pamalo amodzi. Pa sikirini imaoneka ngati umodzi, koma makina amadutsa kawiri: mumalipira kawiri ndipo m'mphepete mumapsa. Chachitatu ndi mzere wosatsekeka, pamene kumapeto kuwiri kwasiyana ndi kampata kosaoneka. Makina amasiya kachitsulo pamenepo, kapena amalephera kuzindikira mkati ndi kunja n'kudya muyeso wanu kumbali yolakwika. Pulogalamu ya makinawa imatha kukonza zina mwa izi, koma imakonza mongoganizira.

Zilembo nazo zili ndi msampha wake. Pa chikwangwani cha shopu kapena nambala ya nyumba, zilembo monga A, B, D, O, P ndi R, komanso manambala 0, 4, 6, 8 ndi 9, zili ndi kachilumba pakati. Mukapanda kusiya timilatho tolumikiza, pakatipo pamagwera pansi pa tebulo, O n'kusanduka dzenje. Milathoyo ikhale yosachepera mamilimita 3 pa shiti ya mamilimita 2. Ndipo zilembozo zisandutsidwe mizere fayilo isanatumizidwe, apo ayi kompyuta yawo ikasowa mtundu wa zilembo zanu idzaika wake.

Pa mapanelo a maluwa a geti ndi mawindo, amene ndiwo ntchito yotchuka kwambiri pakali pano, pali zinthu ziwiri zoyenera kusamala. Chitsulo chotsala pakati pa mabowo awiri chisachepere mamilimita 5 kapena 6. Chikachepa chimatentha, chimapotoka, nthawi zina chimadzuka n'kugunda nozulo. Kenaka ganizirani za chitetezo. Shiti ya mamilimita 1.6 imene theka lake ladulidwa imapindika ndi manja. Ngati panelo ndiyo ikutchinga wakuba, ikhale ya mamilimita 3, kapena muike mipiringidzo kumbuyo kwake. Pomata panelo yopyapyala pa felemu, musakoke mzere wautali wa moto. Donthezani pang'onopang'ono mosinthanasinthana mbali, ndi rodi ya mamilimita 2 kapena 2.5 pa moto wotsika, chifukwa kutentha kwa mbali imodzi kumafufumitsa pakati ndipo simudzawongolanso. Ena amajambuliratu mabowo a riveti m'mphepete n'kusiya kuwotcherera, ndipo ntchito yawo imaoneka yaukhondo kuposa ina.

Pali luso limodzi limene amisiri a kuno sanaligwiritse ntchito mokwanira, lomwe ndi kujambula timano pa chidutswa chimodzi ndi timipata pa chinzake kuti zilowane zokha. Mbaula zamakono, mabokosi a mabatire a sola ndi mabulaketi zimalumikizika mu sikweya popanda kuyeza, ndipo wophunzira ntchito angazimange molondola. Kampata kakhale kokulirapo ndi 0.2 kuposa kukhuthala kwa shiti. Koma yezani shitiyo poyamba ndi veniya, chida choyezera kukhuthala molondola. Chitsulo chimene chikugulitsidwa monga cha mamilimita 3 nthawi zambiri chimapezeka cha 2.8, ndipo mukajambulira 3.2 zidutswa zanu zidzagwedera.

Mtengo ndi mmene amawerengera

Sitilemba manambala a kwacha, chifukwa mashiti ambiri amachokera kunja ndipo mtengo wake umavina ndi dola. Chothandiza ndi kudziwa zimene akuwerenga. Pali chitsulo, pali utali wa mzere wodulidwa, pali chiwerengero cha malo amene makina abowola poyamba kudula, ndiye pali ndalama yoyambira imene ntchito iliyonse imalipira ngakhale ikhale ya mphindi ziwiri. Pamwamba pake pali msonkho wa VAT wa 16 peresenti. Funsani ngati koteshoni yaphatikiza VAT, chifukwa mmisiri amene sanalembetse VAT ku bungwe la misonkho la ZRA sangabwezeredwe ndalamayo, ndipo imatuluka mu phindu lake.

Tengani chitsanzo cha puleti ya mwendo wa thanki, mamilimita 200 mbali zonse, yokhuthala 6, ya mabowo anayi a 14. Mzere wakunja ndi mamilimita 800, mabowo anayi ndi 176, zonse pamodzi pafupifupi mita imodzi, ndipo makina abowola kasanu. Kudula kokhako n'kosachedwa. Chimene chimasiyanitsa wopindula ndi woluza ndi kasanjidwe pa shiti. Pa shiti ya 2440 ndi 1220, mukasiya mamilimita 10 m'mphepete ndi 6 pakati pa zidutswa, mapuleti a 200 amalowa 11 mlitali ndi 5 mlifupi, onse 55, ndipo kumbali kumatsala lamba wosagwira ntchito. Chepetsani puletiyo ikhale 195. Tsopano alowa 12 mlitali ndi 6 mlifupi, onse 72. Mamilimita asanu amene sasintha mphamvu ya puleti akupatsani mapuleti 17 owonjezera pa shiti yomweyo. Wojambula wa pa wekishopu sadzakuuzani zimenezi, pakuti iye amadula chimene mwamupatsa.

Ndalama yoyambira ija ndiyo imathamangitsa amisiri ang'onoang'ono. Sitikuiona ngati kuba, chifukwa kukweza shiti pa tebulo, kusintha nozulo ndi kuyesa moto zimatenga nthawi yofanana kaya mukudula kamodzi kaya mazana awiri. Koma wekishopuyi ikanatha kusankha tsiku limodzi pa sabata losonkhanitsa tintchito ta kukhuthala kofanana pa shiti imodzi, aliyense n'kulipira gawo lake. Sichita zimenezo. Ndiye chitani nokha: amisiri atatu kapena anayi a mzere umodzi agwirizane pa mamilimita 3, aike mafayilo awo pamodzi, apite ngati kasitomala mmodzi. Komanso m'mipata yotsala pa shiti musamasiye chabe. Dzazanimo zinthu zimene mumazifuna nthawi zonse, monga makutu a loko, mawashala akuluakulu, timakona tolimbitsira felemu ndi zotsekera kumapeto kwa machubu.

Ngati mwalipira shiti yonse, zotsala ndi zanu. Nenani zimenezi musanalipire, chifukwa mukangokhala chete zimapita pa mulu wawo.

Amalola kubwera ndi chitsulo chanu, ndipo pamenepa tikuwayamikira chifukwa ena amakana. Koma chikhale chowongoka ndi chopanda dzimbiri lokhuthala. Dzimbiri, penti yakale ndi mafuta ambiri zimasokoneza moto, m'mphepete mumatuluka mokumbikakumbika. Shiti yopindika imene yagona pa mulu wa sikirapu imachititsa mutu wa makina kukwera ndi kutsika, ndipo akaona choncho amakuuzani kuti zikawonongeka ndi zanu. Akunena zoona.

Kupinda

Apa ndi pamene ntchito yawo imatsika. Makinawo ndi abwino, koma zopindira zili zochepa, ndipo wopinda amafulumira. Lamulo lodziwika ndi loti kamwa la V lapansi, limene shiti imakankhidwiramo popinda, likhale lotambalala maulendo 8 a kukhuthala kwa shiti, ndiye pa mamilimita 3 pamafunika V ya 24. Zotsatira zake ndi ziwiri. Mlomo wopindidwa sungachepere mamilimita 17 kapena 18, chifukwa ukachepa umagwera m'kati mwa V. Ndipo bowo limene lili pafupi ndi mzere wopindira kuposa mamilimita 12 limakokeka n'kukhala ngati dzira.

Chinanso n'chakuti chitsulo chimatalika popindidwa. Bulaketi ya mamilimita 3 imene mukufuna kuti ikhale 50 ndi 50 poyeza kunja sidulidwa 100. Idulidwa pafupifupi 94, ndiye kuti mumachotsa kukhuthala kawiri pa kona iliyonse. Nambala yeniyeni imadalira V imene agwiritse ntchito, choncho pa ntchito ya zidutswa zambiri dulitsani chimodzi, achipinde, muyeze, kenaka mukonze fayilo. Pa wekishopuyi salimbikitsa kuyesa kotere, koma mukaumirira amavomera. Yezaninso makona ndi sikweya, chifukwa chitsulo chimabwerera pang'ono chikachoka pa makina, ndipo kusiyana kwa digiri imodzi kapena ziwiri pakati pa chidutswa choyamba ndi chomaliza si kwachilendo kuno. Pa bulaketi ya sola zilibe kanthu. Pa bokosi loti chitseko chitseke bwino, zimaoneka.

Zimene simuyenera kupita nazo kumeneko

Sefa ya chigayo musaidulitse pa laser. Kachidutswa ka mamilimita 300 ndi 600 kokhala ndi mabowo a milimita imodzi motalikirana mamilimita 2 kuchokera pakati pa bowo kufika pakati pa linzake kali ndi mabowo 45,000, ndipo lililonse makina ayenera kubowola palokha. Mtengo wake uposa wa sefa yogula yoboola kale kufakitale, ndipo kutentha kudzaipotoza.

Nyundo za chigayo ndi zosiyana, ndipo apa laser imathandiza kwambiri ngati chitsulo chili choyenera. Chitsulo wamba chimatha msanga ndi chimanga ndi mchenga. Puleti yolimba monga Hardox 450, ya kampani ya SSAB ya ku Sweden, ndi yolimba pafupifupi katatu kuposa chitsulo wamba, ndipo dirilo wamba siiboola, choncho bowo la pini lidulidwe pa makina pomwepo. Phindu lalikulu n'lakuti nyundo zonse zimalemera mofanana, chigayo sichinjenjemera ndipo mabering'i amakhalitsa. Wekishopuyi sisunga puleti yotere nthawi zonse, muyenera kuitanitsa kapena kubwera nayo. Masipuling'i akale a galimoto, amene amisiri ambiri amapangira nyundo, amawakana chifukwa ndi okhota ndipo sagona pa tebulo.

Mabowo oti mudzadulemo mazinga a bawuti musawadulitse pa muyeso womaliza. M'mphepete mwa bowo la laser mumauma ndi moto, ndipo tapu, chida chodulira mazingawo, imatha kapena kuthyokera momwemo. Pa M10 dulitsani bowo la 7, mukalikulitse ndi dirilo ya 8.5, kenaka mulowetse tapu. Malata a galvanised, okutidwa ndi zinki, amadulika, koma utsi wa zinki ndi woipa m'chifuwa ndipo m'mphepete mumatsala mopanda chitetezo, ndiye mupakemo penti ya zinki.

Malaiti ndi mzere

Aliyense wogwira ntchito ya chitsulo mu Lusaka akukumbukira 2024, pamene chilala chinatsitsa madzi ku Kariba ndipo ZESCO inkazimitsa malaiti maola ochuluka pa tsiku. Makina awa sapirira magetsi ophethiraphethira. Malaiti akathima pakati pa ntchito, pulogalamu imatha kupitiriza pamene inalekera, koma pamalo polumikizira pamatsala chipsera, ndipo ngati shiti yasuntha ngakhale pang'ono, mabowo otsalawo sagwirizananso ndi oyamba. Wekishopuyi ili ndi jenereta ndi chowongolera magetsi, ndipo chimenechi n'chifukwa chachikulu chosankhira iwo kusiyana ndi malo otchipa opanda jenereta. Funsani ngati pali ndalama yowonjezera ya dizilo pa masiku otere.

Nthawi imene amalonjeza ndi yosadalirika kwa wamng'ono. Kampani yomanga ikabweretsa oda yaikulu, ntchito ya shiti imodzi imakankhidwira kumbuyo, ndipo foni sakuimbirani. Musalonjeze kasitomala wanu tsiku potengera mawu apakamwa a pakauntala. Onjezanipo masiku. Chimene chimathandiza ndi fayilo yoyera yosafuna kukonza, ya kukhuthala kumene akudula kale tsiku limenelo, chifukwa woyendetsa makina amatha kuilowetsa pakati pa ntchito zazikulu. Mulemekezeni bambo ameneyu ndipo mumufunse maganizo pa chojambula chanu. Pa malo onsewo ndiye amadziwa chitsulo.

Ena akaona zonsezi amaganiza zogula makina awoawo kuchokera ku China, makamaka poona mitengo pa intaneti. Mtengo wa pa intanetiwo ndi chiyambi chabe. Nambala ya 3 kW ndi mphamvu ya kuwala kokha. Makina onse, pamodzi ndi choziziritsira madzi, chokoka utsi ndi kompuresa, amafuna magetsi a three phase ochuluka kangapo kuposa pamenepo. Pamafunika simenti yosalala, nyumba yotchinga fumbi la mu Ogasiti mpaka Okutobala, mabotolo a mpweya osatha, magalasi oteteza ndi manozulo osinthira, ndiponso munthu wodziwa kukonza. Galasi loteteza likangodetsedwa ndi kafumbi, limapsa, ndipo mukachedwa kulisintha mumaononga mutu wonse. Makina otere amabweza ndalama akamadula maola ambiri tsiku lililonse. Wowotcherera wa mageti awiri pa sabata achite monga timachitira ndi chigayo: sitigula chigayo kuti tidye nsima, timanyamula chimanga n'kukalipira pa thini. Amene ntchito yake yakula moti akudulitsa mashiti angapo sabata iliyonse, ndipo zambiri ndi mapuleti okhuthala, ayambe waganizira tebulo laling'ono la plasma, limene ndi lotsika mtengo ndipo limapirira fumbi kuposa laser.

Potenga katundu

Musatumize mwana wa ntchito yekha ulendo woyamba. Pitani ndi veniya, tepi ndi bawuti yeniyeni imene ikalowe m'mabowo. Werengani zidutswa, chifukwa tating'ono timagwera pansi pa tebulo n'kusokonekera ndi zinyalala. Ngati muli ndi tizidutswa tochepera mamilimita 40, pemphani kuti asiye timfundo totigwirizira pa shiti, mukathyole nokha kwanu.

Tembenuzani chidutswa muone kunsi. Pa ntchito yabwino kunsi kumakhala kosalala, kapena kuli tinthu tochoka ndi chala. Mukaona chitsulo chosungunuka chitakakamira mbali imodzi yokha ya mzere, nozulo sinali pakati. Chikakhala mbali zonse ndipo n'cholimba, liwiro kapena kutalika kwa moto kunalakwika, kapena galasi linali lakuda. Zonsezi ndi zolakwa za wekishopu, ndipo pamenepa tiwayamikire: mukawasonyeza katundu asanatuluke pa geti, amadulanso popanda mkangano. Akatuluka, nkhani yatha. Onaninso makona akuthwa pa mapuleti okhuthala, chifukwa moto umachedwa pamenepo ndipo nsonga imasungunuka. Kujambula kona yozungulira pang'ono, ya milimita imodzi, kumathetsa vutoli.

Za mayendedwe muwerengeretu. Chitsulo chimalemera makilogalamu 7.85 pa sikweya mita iliyonse ya milimita imodzi, ndiye shiti ya 2440 ndi 1220 imalemera pafupifupi makilogalamu 47 ikakhala ya mamilimita 2, makilogalamu 70 ikakhala ya 3, ndi 140 ikakhala ya 6. Iwo amakweza ndi forklift, koma kwanu mukatsitsa ndi manja, choncho konzani anthu ndi magolovesi, pakuti m'mphepete mwa laser mumacheka ngati mpeni. Panelo ya maluwa isanyamulidwe chogona ndi anthu awiri kumapeto, chifukwa imapindika pakati ndi kulemera kwake komwe. Inyamulidwe choimirira, ndipo pa Canter igonekedwe pa matabwa, makatoni ali pakati pa panelo ndi panelo. M'nyengo ya mvula ifundidwe ndi pulasitiki ndipo ipakidwe penti yoyamba tsiku lomwelo, chifukwa m'mphepete mongodulidwa kumene mumagwira dzimbiri usiku umodzi.